Bokosi Lolembedwa Dzina Langa

Ine boma sindilikhulupirira, achipani sindiwakhulupirira, ndipo chichitikire nkhani ya Zuze ndimadzikayikira ndi ine ndemwe. Ndayamba choncho dala, kuti wina asadzati ndikudziyeretsa. Kuno ku Makhanga alipo anthu amene mpaka lero akandiona ndikubwera amayamba kuyang'ana m'mitengo, moni osandipatsa. Ali ndi chifukwa chawo, ndipo ndichinena.

Ku Joni tinapita awiri, ine ndi Zuze, mnzanga wa paubwana. Chinali chaka chimene madzi anakokolola minda mpaka tinakhala miyezi pa msasa, tikudya nyika za m'dambo ngati abakha. Tonse tinali titadulapo nzimbe ku esiteti, ndiye wina atatinong'oneza kuti ku Joni nzimbe ndi zomwezi, chikwanje ndi chomwechi, koma malipiro ndi a anthu, sitinaganize kawiri. Pa doko anatiperekeza akazi athu. Chanaze, mkazi wa Zuze, anali ndi mwana kumbuyo, ndipo anandiuza moseka kuti mwamuna wake ndi munthu wosadziwa kukana, wina akamuuza kuti alowe m'chitsime alowa, ndiye ndikamuyang'anire. Ndinalonjeza mopepuka, mwendo umodzi uli kale m'bwato.

Famu imene tinakapezako ntchito inali kufupi ndi malire a Mozambiki, kotentha ngati kwathu konkuno. Tinkagona pa kompaundi, m'zipinda za malata, amuna asanu ndi atatu chipinda chimodzi, aliyense chikwanje chake pansi pa bedi. Kunali Ashangani, a ku Zimbabwe, ndi anzathu a tsidya la Zambezi amene Zuze ankacheza nawo m'Chisena mpaka kuiwala kudya. Nzimbe ankaziwotcha kaye tisanadule, ndiye pofika masana tonse tinkakhala bii, mano okha mbee. Ine ndi Zuze tinali aafupi tonse, akuda tonse, ndipo kapitawo wathu anatha zaka akutisokoneza. Akakalipira Zuze pa mlandu wanga, iye ankangoti pepani bwana, kenako n'kudzandilipiritsa fodya.

Kusiyana kwathu kunali pa mapepala. Ine pasipoti yanga inali ndi pemiti imene mwini famu anandikonzera. Ya Zuze masiku anatha kalekale, ndipo akangomva kuti galimoto ya apolisi yalowa pa geti, ankalowa m'nzimbe n'kukhala chete mpaka dzuwa kupendeka. Komabe tinkakhala. Kumudzi tinatumiza malata, njinga, mbuzi zinagulidwa. Zuze ankalota nyumba ya njerwa zowotcha pamalo okwera, poti madzi akabwera Chanaze asadzathawenso ndi mphika pamutu.

Ndiye kunabwera Kolona. Tsiku lina tinangoona geti la kompaundi lamangidwa tcheni, asilikali akuyendayenda mumsewu, mowa aletsa, fodya aletsa, kutchalitchi aletsa. Koma nzimbe sanaletse ayi. M'mawa uliwonse ankatilongedza mu thilela ya thirakitala, phewa pa phewa, kupita kumunda. Apa m'pamene ine ndinayamba kulalika. Ndinkafunsa anzanga kuti matenda amtundu wanji amene amakonda kumowa ndi kutchalitchi koma amaopa munda wa mzungu. Ndinkati awa ndi matenda a anthu okwera ndege, ife akungotimangira limodzi kuti tisadziwe zimene akugawana. Pa foni tinkamva za kumudzi, kuti boma linafuna kulamula m'bindikiro, mavenda anakwiya n'kudzaza misewu, khoti linakaniza, ndipo andale akuchititsa misonkhano anthu ali thithithi. Tinkaomba m'manja pa kompaundi kuti kwathu kuli amuna. Wofuula kwambiri ndinali ine.

Zuze atayamba kutsokomola palibe anadabwa, chifukwa wodula nzimbe zowotcha aliyense amatsokomola phulusa. Tinamufukiza ndi masamba a bulugamu, tinamumwetsa mandimu ndi jinja. Ine ndinkamuseka kuti ulesi wamupeza. Tsiku lachisanu ndinamupeza atakhala pa bedi atagwira maondo, akulephera kumaliza mawu atatu osapuma. Nditatchula chipatala anapukusa mutu n'kunena kuti nkhabe, akamufunsa mapepala, ndipo akachira amukweza galimoto ya apolisi. Sindinaganize nthawi yaitali. Ndinatulutsa pasipoti yanga m'chikwama n'kumuika m'thumba la malaya, n'kumuuza kuti lero dzina lake ndi langa. Sanakane, paja kukana sankakudziwa.

Pa chipatala kalaliki anali kuseri kwa galasi, masiki kumaso, Zuze nayenso masiki kumaso. Anangoyang'ana chithunzi, n'kuyang'ana maso ofiira a wodwalayo, n'kulemba. Ine anandiimitsa pa chitseko. Ndinamuona akumukankha pa njinga ya odwala, atakweza dzanja pang'ono, pasipoti yanga ili m'manja.

Patapita masiku anayi kapitawo anabwera pa layini imene ndinkadula, foni ili m'manja, akuyenda ngati waponda minga. Anatchula dzina langa lonse, n'kunena kuti achipatala aimba, munthu ameneyu wamwalira m'mawa uno. Ankanena akundiyang'ana ine. Anzanga anasiya kudula. Ine ndinakhala pansi pa phulusa, ndipo chimene ndinamva choyamba si chisoni, ndi mantha.

Ku mochale ndinapita ngati m'bale wa malemu. Atandifunsa dzina, ndinati ndine Zuze. Anandiimika kuseri kwa zenera, munthu wovala zoyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi anatsegula zipi ya pulasitiki kufika pachifuwa, n'kundikodola kuti ndione msanga. Anali iyeyo, ndevu zitamera, milomo itauma. Ndinatulutsa foni n'kujambula. Ku Joni tinaphunzira kujambula chilichonse chimene munthu angadzakane mawa, ndiye dzanja linangochita lokha.

Amalawi a m'mafamu oyandikana tinasonkha kuti mtembo upite kwawo. Wonyamula maliro pa thilela, munthu wodziwa za m'malire, anandiuza mosabisa kuti ndikayamba zokonzetsa dzina nkhani ipita kupolisi, miyezi itha, ndipo mapeto ake a khonsolo akamukwirira kumanda a anthu osadziwika. Anati ndisiye mmene zilili, bokosi ndi lomata, palibe adzatsegule. Choncho Zuze anauyamba ulendo wa kwawo ndi chikalata cha imfa chonena kuti wamwalira ndine.

Mkazi wanga ndinamuimbira n'kumuuza zonse. Koma nditaimbira a Fombe, achimwene ake a Zuze, ndinati achipatala asokoneza mayina chifukwa ndife ofanana. Limeneli linali bodza langa loyamba kwa anthu akumudzi, ndipo sindinaname mwangozi. Anthu akwathu ndimawadziwa. Ndikanangoti ndinamupatsa dzina langa ndi manja anga, iwo akanamva zina. Akanati imfa inaitana ine, ine n'kukhwima, n'kutumiza mnzanga kuti akayankhe. Munthu woganiziridwa zimenezo kuno nyumba yake siichedwa kupsa, ndipo ine ndinali kutali, ana anga ali m'nyumbamo.

Za maliro ndinamva kwa mkazi wanga. Bokosi linafika litakulungidwa mapulasitiki, azaumoyo ochokera ku boma ataliperekeza, atavala zoyera zija, akupopera mankhwala paliponse pamene ladutsa. Analetsa kusambitsa, analetsa kugona pa siwa, analetsa kuona nkhope. Anati pasathe ola, likhale lili pansi. Kumanda mkulu wawo anatulutsa chikalata n'kuwerenga dzina la malemu mokweza, ndipo dzinalo linali langa. Anthu anayang'anana. Amayi a m'mudzi anali atakonzeka kulira, akungodikira mwini maliro ayambe, koma Chanaze anangoima, maso ali gwa. Anati iye sangalire bokosi, amuonetse mwamuna wake. Tsiku lometa anakana lumo, ndipo a Fombe sanamukakamize chifukwa nawonso mtima unali pawiri.

Ine ndinatsala ku Joni wopanda pasipoti, wakufa m'mabuku a boma lakumeneko. Ndinamaliza nyengo yodula ndikuyankha dzina la Zuze, ndipo galimoto ya apolisi ikabwera, wolowa m'nzimbe ndinali ine. Ntchito itatha ndinabwerera kudzera ku Mozambiki, pa malole a makala ndi a simenti, Chisena chikundiwombola pa zipata, mpaka ndinawoloka Ruo pa bwato ngati munthu wochokera kokagula nsomba.

Kumudzi ndinapeza zinthu zitatembenuka. Ana a anansi anandithawa. Akuluakulu ankandipatsa moni ataima patali, ine osadziwa ngati akuopa matenda kapena mzukwa. Ndale nazo zinali zitasinthana malaya. Aja ankati Kolona kulibe anali atalowa m'boma, ndipo tsopano apolisi awo ankakwapula anthu opanda masiki pa msika. Aja ankafuna kutitsekera m'nyumba ndi amene tsopano ankafuula kuti amphawi akuzunzidwa. Pa wailesi tsiku ndi tsiku ankanena za ndalama za Kolona zimene akuluakulu anadya. Amayi ogulitsa makakana ankathamangitsidwa dzuwa likadalipo, nsomba n'kuwolera m'mabeseni. Ukaona zimenezo, ungakhulupirire ndani?

Pakati pa zonsezi panali a Bizeki, munthu wa chipani wa dera lathu, amene chiyambire ndili mwana ndawaona atavala nsalu za zipani zitatu. Ankafuna ukhansala, ndipo anapeza kuti mkwiyo wa pa msika ndi makwerero abwino. Anabwera kwathu ndisanathe sabata, atanyamula kope la chikalata cha imfa yanga m'kapepala ka pulasitiki. Kumene analitenga sananene. Anakhala pa mpando wanga, n'kundiyang'ana kuyambira kumapazi ngati mbuzi ya pa msika, n'kunena kuti Mulungu wawatumizira umboni woyenda ndi miyendo. Malinga ndi iwo, maboma amangolemba mayina a anthu amoyo kuti amwalira ndi Kolona, n'kudzaza mchenga m'mabokosi, kuti azungu atumize thandizo. N'chifukwa chake amaletsa kutsegula. Anati kwa Chanaze apitako kale, ndipo amuuza kuti mwamuna wake ali moyo ku Joni, mwina ali m'ndende, mwina amubisa.

Ndinawaonera patali kuti akufuna kundikwera. Koma nkhani yawo inali yonditchinjiriza. Ngati m'bokosimo munali mchenga, ndiye kuti palibe amene ndinamutumiza ku imfa yanga. Tsiku lotsatira a Fombe anabwera okha, anakana mpando, n'kundifunsa ataimirira ngati mtembo wa mng'ono wawo ndinauona ndi maso anga. Ndinati achipatala sankalola munthu kuyandikira. Bodza lachiwiri linatuluka mosavuta kuposa loyamba. Foni ija ndinaikulunga m'sokosi n'kuisomeka pa denga, n'kugula ina ya mabatani.

Tsiku la msika a Bizeki anaimika lole pansi pa mtengo wa mtondo, zokuzira mawu zili pamwamba. Analankhula za apolisi, za nsomba zowola, za maliro oikidwa ngati a galu, ndipo pa zimenezo sananame. Kenako anatulutsa chikalata chija, anawerenga dzina langa pang'onopang'ono, tsiku limene ndinamwalira, ndi matenda amene anandipha. Atatero anafunsa ngati malemuyu alipo pa msonkhano pano. Anandikoka dzanja kundikweza pa lole. Anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi, amayi akululutira, ena akuvula masiki n'kuponda ndi mapazi. Anandipatsa chokuzira mawu kuti ndinene kanthu. Ndinatsegula pakamwa, Zuze ali m'maso mwanga akulephera kupuma pa bedi paja, ndipo chimene ndinanena n'chakuti ndili moyo, monga mukundioneramu. Kutsogolo kwenikweni kunali Chanaze, tsitsi lake losameta litamangidwa mpango, akundimwetulira koyamba chibwerere.

Kumwetulira kumeneko kunandidwalitsa kuposa malungo. Masiku otsatira ndinkamva kuti Chanaze wagulitsa mbuzi, zija Zuze anadulira nzimbe. Kenako ndinamva kuti wagulitsa ndi malata a nyumba imene sinamangidwe. Ndinkadziuza kuti mwina ndi njala, chaka chinali choipa. Sindinafunse chifukwa sindinkafuna yankho.

M'mawa wina ndikunola khasu, mkazi wanga anabwera kuchokera ku mjigo wopanda madzi, ndowa ili m'manja. Anati Chanaze wasiya ana kwa mayi ake, watenga chikwama, walunjika ku doko. A Bizeki amupezera munthu womudutsitsa malire, akupita ku Joni kukafunafuna mwamuna wake m'ndende ndi m'zipatala. Mkazi wosadziwa Chingerezi, wopanda pasipoti, amene ngakhale ku Blantyre sanafikeko. Njira imeneyo ine ndimaidziwa, ndimadziwanso zimene odutsitsa malire amachita ndi akazi oyenda okha. Mkazi wanga sanakweze mawu. Analowa m'nyumba, anakwera pa mtondo, anasolola sokosi ija pa denga n'kundiika m'manja.

“Chaka chonse ndakhala chete chifukwa cha ana athu,” anatero. “Koma ana a Zuze nawonso ndi ana. Mukapanda kupita inu, ndipita ine.”

Ndinapalasa njinga ngati wamisala. Foni inali itazima kalekale, ndiye ndinaima pa kagolosale ka sola pafupi ndi doko, n'kupempha mwini wake kuti andilumikizire pang'ono. Mphindi zimenezo ndinkapemphera zinthu ziwiri zosemphana, kuti iyake ndi kuti isayake. Inayaka.

Pa doko bwato la injini linali likudzaza, matumba a chimanga, njinga, amayi a mabeseni. Chanaze anali atakhala kale m'mphepete, chikwama chili pamiyendo, atavala nsapato za pulasitiki zatsopano. Atandiona anasangalala, akuyesa ndabwera kudzamulangiza njira. Anayamba kundifunsa dzina la famu, ndi basi imene akakwere akafika. Ndinamupempha kuti atsike kaye, ndili ndi mawu. Anatsika monyinyirika, akuuza woyendetsa kuti asamusiye.

Ndinamuuza titaima m'matope momwemo, anthu akumva. Ndinati kuchipatala sanasokoneze kanthu, pasipoti ndinamupatsa ndine, kuti alandire mankhwala. Ndinati matenda aja ndinkawaseka ndine, ndipo masiku asanu amene tinataya ndi masamba a bulugamu ndi ine ndinawataya. Ndinati a Fombe ndinawanamiza, pa lole paja ndinanamiza mudzi wonse, chifukwa ndinkaopa kuwotcheredwa nyumba. Iye ankangondiyang'ana, nkhope osasintha.

“Alamu, akupatsani zingati a boma?” anafunsa motsitsa.

Sindinamudandaule. Ndikanakhala ine ndikanafunsa chimodzimodzi. Ndinatsegula chithunzi chija n'kumupatsa foni, ndikumuuza kuti ndinkaibisa pa denga la nyumba yanga.

Anaiyang'ana nthawi yaitali. Anaitchinga dzuwa ndi dzanja, anaibweretsa pafupi ndi maso, kenako anatenga nsonga ya chitenje n'kupukuta galasi pang'onopang'ono, mmene amapukutira nkhope ya munthu asanatseke bokosi. Woyendetsa bwato anaitana kawiri, iye osamva.

“Ndevu sanamumete,” anatero. Kenako anadzutsa maso. “Chaka chathunthu, alamu, ine ndikuyang'ana kunjira, mwamuna wanga ali pa denga panu?”

Anakhala pansi m'matopemo ndi nsapato zake zatsopano, foni ataigwira pachifuwa, ndipo analira maliro amene anakana kulira kumanda, akutchula dzina la Zuze, lake lenileni. Amayi a mabeseni anatsika m'bwato mmodzimmodzi, ena osamudziwa n'komwe, n'kumuzungulira, n'kuyamba kulira naye. Wina anatsitsa chikwama chake n'kuchiika pouma, ndipo bwato linanyamuka.

A Bizeki anauza anthu kuti ndinagulidwa. A Fombe anati ankadziwa kale kuti imfa ija inali yanga, ndipo mpaka lero akandiona amalavula. Nyumba sanawotche, mwina chifukwa tsiku lometa litakonzedwanso Chanaze anatumiza mawu kuti ndikhalepo, ndipo ndinakhalapo, kumapeto kwa mphasa. Foni ija sanandibwezere, ndipo ine sindinaifunse.